Mafumu Anamanga, Achenchu Anasunga

Mbiri ya kachisi wa Mallikarjuna ku Srisailam, m'dziko la India, akamaifotokoza olemba mabuku amangoŵerenga maina a mafumu, ngati kuti mafumuwo ankasenza okha miyala pamutu. Ine nditakafika kumeneko ndinaona kuti m'nkhaniyi muli anthu ena amene maina awo sanalembedwe pa mwala ngakhale umodzi.

Kachisiyu ali m'mapiri a Nallamala m'chigawo cha Andhra Pradesh, pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Krishna. Kuchokera ku Hyderabad ndi ulendo wopitirira makilomita 200, ndipo chakumapeto kwake basi imangokhotakhota m'nkhalango yoti bii. Usiku zipata za nkhalangoyo amazitseka kuti galimoto zisasokoneze nyama, choncho wochedwa amagona pa chipata. Ahindu amakhulupirira kuti malo 12 m'dziko lawo ndi amene mulungu wawo Shiva anadzionetsera ngati kuwala, ndipo Srisailam ndi amodzi mwa malowo. M'mpanda womwewo mulinso kachisi wa mkazi wake, amene kuno amamutcha Bhramaramba.

Mafumu anachita zawo, zimenezo sitingakane. M'zaka za m'ma 1300 mfumu Prolaya Vema Reddi inamangitsa masitepe a miyala othandiza apaulendo. Mafumu a Vijayanagara anawonjezera zipinda zazikulu, ndipo Krishnadevaraya, yemwe analamulira kuyambira 1509 mpaka 1529, anapereka mphatso zake. Mu 1677 Shivaji, mfumu ya Amaratha, anapatukira kuno ali pa ulendo wa nkhondo wopita kumwera, ndipo nsanja ya chipata cha kumpoto imatchulidwa dzina lake. Khoma lozungulira kachisi ndi lalitali kuposa anthu atatu osanjikizana, lodzaza ndi zosemasema: njovu, akavalo, alenje ndi mauta awo.

Alenje aja ndiwo anandiimitsa nthawi yaitali. Eni nkhalango ya Nallamala ndi Achenchu, mtundu wa anthu okhalira kusaka, kufula uchi ndi kukumba mizu. Iwo Mallikarjuna samamuona ngati mlendo wobwera ndi mafumu ayi. Amamutcha Mallanna, ndipo nthano zawo zimati anakwatira mwana wamkazi wa kwawo. Tangoganizani, mulungu kukhala mkamwini wa pamudzi!

Ufumu wa Vijayanagara utagonja pa nkhondo ya Talikota mu 1565, chuma chothandizira akachisi chinayamba kuphwa. Njira zinamera thengo, apaulendo anachepa. Pamene Colin Mackenzie, woyeza malo wa ku Scotland, anafika mu 1794, anapeza malo akutali ndi midzi, okhalamo anthu oŵerengeka. Nanga m'zaka zimenezo ankadziŵa njira ndi zitsime ndani? Ankaperekeza ndani apaulendo pakati pa zilombo? Ankatero ndi omwe aja okhala m'nkhalango, chifukwa mfumu imabwera n'kupita, koma mwini dera alibe kwina kothaŵira.

Enanso osaiŵalika ndi oyenda pansi. M'zaka za m'ma 1100 mlakatuli wamkazi wa chiyankhulo cha Kannada, Akka Mahadevi, anasiya banja ndi chuma n'kubwera kumapiri kuno, ndipo ndakatulo zake zimatchula Mallikarjuna ngati mwamuna wake weniweni. Pa chikondwerero cha Ugadi, chaka chawo chatsopano, anthu a ku Karnataka amayenda masiku ambirimbiri wapansi, ena opanda nsapato, kudutsa nkhalango yomweyo. Ine wokwera basi ndinatsika masitepe opita ku mtsinje, malo otchedwa Pathalaganga, ndipo pobwerera maondo anandiuza zoona. Agogo ena anandipitirira ali ndi mtsuko wa madzi m'manja, osapuma n'komwe.

Zaka za m'ma 1900 zinabweretsa mafumu a mtundu wina. Mu 1963 Jawaharlal Nehru anaika mwala wa maziko a damu lalikulu la Srisailam, lopangira magetsi, ndipo misewu ya phula inatsegula mapiri kwa aliyense. Mu 1983 nkhalangoyo inakhala malo otetezera akambuku a mizeremizere. Kuteteza nyama ndi chinthu chabwino, koma kwa Achenchu kunadza ndi malamulo oletsa kusaka, komanso mapulani osamutsa midzi ina kupita kunja kwa thengo. Mu 2006 boma la India linakhazikitsa lamulo lovomereza ufulu wa mitundu yokhala m'nkhalango, komabe lamulo la pa pepala silimangira munthu nyumba.

Ndiye taonani mmene zinatembenukira. Mlendo wa ku mzinda amaloŵa ndi galimoto, n'kulipira pa chipata, n'kukapembedza. Mdzukulu wa amene ankalondolera makolo a mlendoyo ndiye ayenera kutsimikizira akuluakulu a boma kuti kwawo ndi komweko. Aŵerengi anzanga, paja amati mlendo ndi mame. Olemba mbiri ya Srisailam akamaŵerenga mafumu, aziŵerengako ndi apongozi a Mallanna.