Njira zakale za m'mapiri a Cévennes

Adzukulu anga, sendererani kuno ndikuuzeni za dera lina la kum'mwera kwa dziko la France, lotchedwa Cévennes. Ndi dziko lamapiri ndi zigwa zakuya, midzi yake ing'onoing'ono, nyumba zomanga ndi miyala. Masiku ano anthu amachokera kutali kukayenda pansi m'mapirimo, chikwama kumsana ndodo kumanja, ena kukapalasa timabwato mumtsinje wa Tarn pakati pa matanthwe ataliatali. Amati akukapuma. Koma njira zimene amapondazo anazilambula ndi anthu amene kupuma sankakudziwa.

Oyamba kuziponda anali abusa ndi nkhosa zawo. Kumunsi, kufupi ndi nyanja ya Mediterranean, dzuwa likafika mu June limaumitsa msipu. Ndiye chaka ndi chaka abusa ankakusa nkhosa zikwizikwi n'kukwera nazo ku phiri la Aigoual ndi la Lozère, ulendo wa masiku angapo, mabelu akulira m'makosi mwa nkhosa zotsogolera. Eni minda a m'njira ankawalandira ndi manja awiri, chifukwa nkhosa zikagona usiku umodzi m'munda mwa munthu zinkasiyamo manyowa, ndipo manyowawo ndiwo anali malipiro a malo ogona. Pa phiri la Lozère, limene nsonga yake ndi yotalika mamita 1,699, nyengo yozizira inkapha. Chipale chofewa chikagwa pamodzi ndi chimphepo, munthu sankatha kuona ngakhale dzanja lake. N'chifukwa chake anaimika miyala italiitali motsatana kuti wapaulendo asasochere, ndipo m'midzi ina anamanga tinsanja ta belu. Kukachita mdima wa namondwe, wina ankatuluka kukaliza belulo usiku wonse kuti amene watayika atsate kulira kwake mpaka afike pakhomo. Tinsanjato tilipo mpaka lero.

Nanga ankadya chiyani, poti tirigu sachita bwino pa nthaka yamiyala yotsetsereka chotero? Anawapulumutsa ndi mtengo wa chestnut, umene umabala mtedza wokutidwa ndi chikhokho chaminga. Makolo awo anamanga timakhoma ta miyala popanda matope, kuyambira m'chigwa mpaka pamwamba pa phiri, n'kumasenza dothi m'madengu kukathira kuseri kwa timakhomato kuti mtengo upeze pozika mizu. Mvula ikakokolola dothilo, ankapitanso kumunsi kukalisenza. Mtedza ukayamba kugwa mu October, banja lonse linkawerama kutola. Kenako ankauyanika m'kanyumba kosanja, kofanana ndi balani yoochera fodya: pansi moto wofuka pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, pamwamba mtedza woyala pa timitengo. Ukauma, amuna ankavala nsapato zokhomedwa misomali italiitali kuphazi n'kumauponda kuti makoko achoke. Umenewo ndiwo unali msuzi wa m'mawa ndi madzulo mpaka nyengo yozizira ithe. Wotsala ankanenepetsera nkhumba. Mtengowo unkapereka mitanda ya denga, kabedi ka khanda, ming'oma ya njuchi, ndipo pomaliza bokosi la maliro.

Ndalama zinabwera ndi mbozi. Anadzala mabulosi ambirimbiri, masamba ake n'kumadyetsa mbozi zopota ulusi wa silika, ndipo atsikana ankagwira ntchito m'mafakitale a m'zigwa. Kenako matenda anagwa pa mbozizo, mpaka mu 1865 katswiri Louis Pasteur anapita ku Alès kukafufuza. Malondawo sanadzukenso ngati kale.

Koma chimene chinapweteka anthu amenewa koposa njala chinali nkhani ya chipembedzo, ndipo apa mumvetsetse bwino. Ambiri a iwo anali Apulotesitanti. Mu 1598 Mfumu Henri IV inawapatsa ufulu wopembedza, koma mu 1685 mdzukulu wake, Louis XIV, anaulanda ufuluwo. Matchalitchi awo anagwetsedwa, abusa a mpingo anathamangitsidwa. Anthu anayamba kusonkhana usiku m'mapanga ndi m'nkhalango, alonda ataima pa zitunda, Baibulo atabisa m'khoma kapena pansi pa nyumba. Wogwidwa, ngati anali mwamuna, ankakapalasa zombo za mfumu atamangidwa unyolo. Ngati anali mkazi, ndende. Mtsikana wina, Marie Durand, anatsekeredwa m'nsanja ya ku Aigues-Mortes mu 1730 n'kutuluka mu 1768, zaka 38, chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro chake.

Usiku wa pa 24 July 1702, gulu la amuna linatsika m'phiri likuimba masalimo, n'kulowa m'mudzi wa Le Pont-de-Montvert kukamasula anzawo amene wansembe wina, du Chayla, anawatsekera m'nyumba. Wansembeyo anaphedwa usiku womwewo. Nkhondo inayambira pamenepo. Alimi, abusa a nkhosa ndi opesa ubweya, amene anatchedwa Camisards, analimbana ndi asilikali a mfumu kwa zaka ziwiri. Mmodzi wa atsogoleri awo, Jean Cavalier, anali mnyamata wophunzira ntchito yophika buledi. Chimene chinawathandiza n'chakuti ankadziwa kanjira kalikonse, phanga lililonse. Asilikali atalephera kuwagwira, mu 1703 anatentha midzi mazanamazana kuti asapeze wowapatsa chakudya. Ndisakunamizeni kuti mbali imodzi inali yoyera: a Camisards nawonso anatentha matchalitchi ndi kupha Akatolika osalakwa. Komabe mlandu waukulu ndimauika pa mfumu imene inafuna kulamulira ngakhale pemphero la munthu. Kuzunzidwako kunatha mwalamulo mu 1787.

Patapita zaka zambiri, kunabwera mlendo wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, mnyamata wa zaka 27, wowonda ndi wodwaladwala. Mtima wake unali wosweka, pakuti mkazi amene ankamukonda anali atabwerera ku America, komanso ankafuna kuona dziko la a Camisards. Pa 22 September 1878 ananyamuka ku Le Monastier-sur-Gazeille ndi bulu wamkazi amene anamutcha Modestine, atamugula ndi ndalama za kumeneko zokwana 65 francs ndi kapu ya mowa. Anasoketsa chithumba chachikulu chogonamo, chokhala ndi chikopa cha nkhosa m'kati, chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Buluyo anali wamakani, katundu ankagwa m'njira, ndipo mnyamatayo ankamukwapula ndi kumubaya ndi kandodo kosongoka. Zimenezo sindiziyamikira; bulu sanapemphe ulendowo. Anagona panja pansi pa mitengo ya paini, anagona kwa amonke a ku Notre-Dame-des-Neiges, anakwera Lozère motsata miyala yoimika ija, natsikira ku Le Pont-de-Montvert ndi ku Florac. Pa tsiku la 12 anafika ku Saint-Jean-du-Gard, n'kugulitsa buluyo, ndipo atachoka misozi inatsika. Buku la ulendowo linatuluka mu 1879, ndipo chaka chotsatira anakwatira mkazi uja.

Pa nthawi imene iye ankadutsa, midzi inali itayamba kale kutha. Mitengo ya chestnut inadwala, silika analowa pansi, achinyamata anapita ku migodi ya malasha ndi kumatauni, ndipo nkhondo ya 1914 inatenga ambiri mwa otsala. Timakhoma tinagumuka, tchire linameza minda.

Mu 1970 boma linakhazikitsa paki ya Cévennes, imene anthu amaloledwa kukhalamo ndi kulima. Miimba imene inatha inabwezedwanso m'matanthwe a mtsinje wa Jonte, ndipo lero alendo amaima m'mphepete kuiona ikuzungulira m'mwamba. Mu 2011 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa, chifukwa cha abusa a nkhosa aja ndi njira zawo. Njira ya Stevenson tsopano imatchedwa GR 70. Ndi yotalika makilomita oposa 250, ndipo pa miyala ndi pa mitengo anapakapo timizere tofiira ndi toyera kuti munthu asasochere. Mabanja amabwereka abulu onyamula katundu, ndipo anthu a m'midzi amapeza kangachepe pogoneka alendo ndi kuwagulitsa uchi, tchizi cha mkaka wa mbuzi ndi ufa wa chestnut. Ku Mialet, nyumba imene anabadwira Roland, mtsogoleri wina wa a Camisards, inasanduka malo osungira mbiri yawo, ndipo Lamlungu loyamba la September Apulotesitanti zikwizikwi amakapemphera panja pomwepo.

Inu mukadzapeza mwayi wopita, dzasankheni mwezi wa June, pamene nkhosa zimadutsa pa mudzi wa L'Espérou zitavekedwa mabelu ndi zokongoletsa za ubweya wamitundumitundu. Kumapeto kwa September ndi mu October mudzasamale, chifukwa mvula ya kumeneko imagwa mwaukali ndipo mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa.