Oomba Nsalu a Kumwera kwa Nyanja

Munthu woyenda lero pa msewu wochoka ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, akaona mikeka, madengu ndi zipewa za mlaza zitapachikidwa m'mbali mwa njira kudikira ogula, sangaganize kuti m'dziko lomweli mudali amisiri ena omveka koposa, ndiwo oomba nsalu za thonje. Pakuti luso lawo lidazilala mwakachetechete ngati moto wa mapesi.

Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire nafika panyanja mu Seputembala 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje la mitundu iwiri: thonje kaja, lalifupi ndi lokhakhala ngati ubweya wa nkhosa, ndi thonje manga, limene mbewu yake idachokera kunja. Kupota ndi kuomba idali ntchito ya amuna. Mwamuna ankakhala pamthunzi nachotsa njere, napota ulusi pakamtengo kozungulira kotchedwa njinga (inde, njinga imene tikwera lero idabwereka dzina kwa kamtengo kameneka), ndipo ulusi ukakwanira ankakhoma zikhomo pansi, nautambasula, nayamba kupisa ulusi wopingasa umodziumodzi, kuugogoda kuti uthinane, dzuwa ndi dzuwa, kufikira nsalu itaoneka. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo waphuma sakadatha ngakhale mkono umodzi. Nsalu zolimbazi, zotchedwa machila, zinkagulitsidwa mpaka ku Sena ndi ku Tete, ndipo dzina lake lidatsalira pa machila onyamuliramo azungu ndi odwala.

Tisaganize kuti aliyense ankavala thonje. Anthu wamba ambiri ankafunda zikopa kapena chiwondo, chosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo. Motero nsalu yoomba, popeza idadya masiku ochuluka a munthu, idayenera mafumu, akufa ndi mizimu. Kutali ku Ingombe Ilede, m'mbali mwa Zambezi, ofukula zakale adapeza zidutswa za nsalu ya thonje m'manda a anthu olemera amene adaikidwa zaka mazanamazana zapitazo. Kwathu kuno, mvula ikakana, akulu ankapita kukachisi ndi ufa, mowa ndi nsalu yakuda, yakuda ngati mtambo umene ankaupempha, chofiira chili chonse atachisiya kumudzi poopa kuitana mphezi. Ndipo ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, nsalu yakuda ikali yolemekezeka kufikira lero. Amene awerenga buku la Eksodo akumbukira kuti Bezaleli ndi Oholiabu adapatsidwa nzeru ya kuomba nsalu za chihema chopatulika. Ine ndiyesa kuti makolo athu, chinkana sadamve maina amenewa, sakadadabwa nayo nkhaniyo, popeza iwonso ankadziwa kuti chopereka kwa Chauta chiyenera kutuluka m'manja otopa.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao adatsika kuchokera kum'mawa nakhazikika mozungulira nyanja, mfumu Mponda pamene Shire atulukira, mfumu Makanjira kutsidya, ndipo maulendo awo a ku Kilwa ankabwera ndi mitolo ya merikani, yoombedwa ndi makina ku America, ndi kaniki wa ku India wonyikidwa mu utoto wakuda. Mtengo wake udali minyanga ndi anthu. Livingstone yemweyo adalemba kuti mwamuna ankagulidwa ndi mayadi anayi a nsalu, mkazi atatu, mwana awiri. Ndipo mtima umawawa polingalira kuti ena mwa omangidwa m'magoli adali amisiri odziwa kuomba nsalu yolimba kuposa imene adasinthanitsidwa nayo. Nkhondo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zidabalalitsa midzi ya m'chigwa cha Shire, minda ya thonje nisanduka tchire. Boma la Angerezi litamanga linga la Fort Johnston mu 1891, malonda a akapolo adatha pang'onopang'ono, koma nsalu za m'sitolo za Mandala ndi za amwenye zidachuluka. Thonje lidalimidwabe, koma tsopano linkapita ku sikelo, nkukwera sitima kukaombedwa ku Lancashire.

Chodabwitsa n'chakuti mizimu sidakane nsalu yachilendo. Kaniki adalowa kukachisi m'malo mwa machila, ndipo Chisilamu chitafalikira pakati pa Ayao, nsalu yoyera ya m'sitolo ndiyo idakhala sanda yokulungira maliro. Mwambo udapitirira, mmisiri yekha ndiye adasowa.

Chimene makina sadathe kulanda ndi mlaza ndi bango, zomera zokha m'mphepete mwa nyanja popanda wozigula ku India. Mayi amang'amba mlaza, nauyanika, naunyika wina mu utoto wofiirira kapena wobiriwira, naluka timizere tataliitali pocheza ndi anzake pakhonde, kenaka natilumikiza kukhala mkeka. Bambo naye amasoka mphasa ya bango ndi chingwe. Pamphasa mwana amabadwira, namwali amalangidwira, ndipo kale wakufa ankakulungidwamo popita kumanda. Mkeka wina sakhalirapo alendo, saanikapo ufa. Mwini wake amaupinda bwino naupachika, kuti kukamveka kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha, asodzi akubwera ndi usipa wa usiku, auyale moyang'ana kumpoto nagwadepo.