Mfuti Yopanda Malipiro

Tikamakamba za nkhondo ya zaka 16, kuyambira 1976 mpaka 1992, timachula magulu awiri: asilikali a Frelimo ndi a Renamo, amene makolo athu ankawacha Amatsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Omvera akamaimba foni pa wailesi, mayina awiriwa amatuluka mosavuta. Koma pali gulu lacitatu limene anthu amalichula motsitsa mawu. Ndi amilisiya, anyamata a m'mudzi momwemo amene boma linawapatsa mfuti kuti atilondere. Timanong'ona cifukwa Mtsanga anacokera kuchire n'kubwerera kuchire, pamene mmilisiya tili naye pompano. Ndi atsibweni a wina, timagulitsa naye fodya pa sikelo imodzi, pamaliro amakumba nafe manda.

Nzeru yopatsa anthu wamba mfuti sinayambe ndi Frelimo. Nkhondo ya ufulu itafika ku Tete mu 1968, Apwitikizi anaunjika anthu m'midzi ya mpanda, ma aldeamento aja, n'kuika amilisiya awo pa zipata. Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano linakhazikitsa milícias populares, zoyenda limodzi ndi Grupo Dinamizador wa pamudzi. Poyamba nchito yawo inali ya ulonda basi. Koma Renamo itakula mphamvu, asilikali a boma sanakwane kusunga mlatho uliwonse ndi mudzi uliwonse, ndipo mu 1982 Samora Machel anayamba kugawa mfuti kwa anthu wamba.

Mnyamata ankalowa bwanji? Ena anadzipereka okha, Amatsanga atawawochera nyumba kapena kuwatengera mlongo. Ena anangolembedwa dzina ndi sekeletale wa cipani, ndipo kukana kunali kudziika pa mndandanda wa okayikiridwa. Enanso anawerengera bwino. Kuyambira 1978 usilikali unali wokakamiza, ndipo anyamata ankagwidwa m'misika ndi m'misewu, kugwira kuja anthu anakucha tira-camisa cifukwa ankawavula malaya kuti asathawe. Wogwidwa motero ankapita kutali, mwina osabwerako. Mmilisiya ankagona pafupi ndi amai ake, n'kumaona munda wake. Ndani wa ife akanasankha mosiyana?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambiri a iwo analibe malipiro. Anaphunzitsidwa kwa masabata owerengeka, napatsidwa mfuti ndi zipolopolo zocepa, basi. Tsono mnyamata wa zaka 17, m'mimba mulibe kanthu, paphewa pali mfuti, mukuganiza adzadya kuti? Anadya m'nkhokwe ya mnansi wake. Pa nthawiyo munthu sankayenda kucoka dera lina kupita dera lina popanda kalata ya ulendo, guia de marcha, ndipo woyang'ana kalatayo pa kontorolo anali mmilisiya, nthawi zina wosadziwa n'kuwerenga komwe. Nkhuku, thumba la ufa, njinga, zinkatsala pamenepo.

Kwa ife a m'malire zinali zowawa kawiri. Mzera umene azungu analemba pakati pa Chifunde ndi Chadiza kapena Katete sunadule cibale. Amai akuno, atate a tsidya, mfumu yathu yaikulu Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika. M'masitolo mwathu munalibe mcere ngakhale sopo, ndiye anthu ankadutsa tinjira kukatenga ku Zambia. Wobwera ndi mcere pamutu akanatha kuchedwa wa kandonga, kapena kazitape wa adani. Ndipo mu 1983 boma linakhazikitsa lamulo lokwapula anthu poyera ndi cikoti, limene linathetsedwa mu 1989. Lamulolo linali la makhoti, koma cikoti cikangololedwa ku Maputo, kumudzi sicidikira woweruza.

Cimene akuluakulu amakumbukira kwambiri si nkhuku zolandidwa. Ndi funso la m'mawa. Usiku Amatsanga afika, aloza mfuti, mai waphika nsima n'kupereka ufa kuti ana ake aone dzuwa. Kukaca amilisiya afika: waphikira adani ndani? Pa funso limeneli panalowa zakale zonse, mkangano wa malire a munda, mkazi wolandidwa, ngongole ya ng'ombe. Cala cimodzi coloza cinali cokwanira kuti munthu amangidwe manja kumbuyo, ndipo womanga ndi womangidwa anavinidwa dambwe limodzi.

Ndisakhote nkhani. Amene anapha anthu ambiri ndi Renamo. Lipoti la Robert Gersony la mu 1988, locokera pa zimene othawa nkhondo anafotokoza, linati anthu wamba okwana 100,000 mwina anaphedwa ndi gululi. Ndipo mudzi ukagwiridwa, oyamba kufunidwa anali sekeletale, mphunzitsi ndi mmilisiya. Alipo anyamata amene anaima ndi zipolopolo zawo zocepazo mpaka amai ndi ana atalowa m'phiri, iwo n'kutsala pomwepo. Mayina awo sanalembedwe pa cipilala ciliconse. Mnyamata mmodzimodziyo akanatha kukulanda njinga Laciwiri n'kukupulumutsa Lacisanu, ndipo n'cifukwa cake nkhani yawo imavuta kuikamba.

Ca m'ma 1986 nkhondo inakula m'cigawo conse ca Tete, ndipo midzi yambiri inatsala mabwinja. Ena anathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo a ku Moçambique anapitirira 1 miliyoni. Ena anawolokera ku Zambia, kumene mu 1987 kunatsegulidwa malo a Ukwimi m'boma la Petauke. Ambiri a msinkhu wanga tinaphunzira a, e, i, o, u tsidya linalo, ndipo m'misasa momwemo wokwapula ndi wokwapulidwa ankaima pa mzere umodzi wolandira ufa.

Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Roma. Mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya nkhondo, motero palibe amene anafunsidwa kanthu. Asilikali pafupifupi 92,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida pansi pa ONUMOZ, nalandira makasu, mbewu ndi ndalama za zaka ziwiri. Amilisiya, amene boma linawawerengera kupitirira 150,000, anangouzidwa kubweza mfuti n'kupita kumunda. Sanalipidwe ngati asilikali, sanaweruzidwe ngati olakwa. Wokwapulidwa uja sanamve pepani, mmilisiya uja sanamve zikomo.

Anzathu a ku Malawi anaona zawo. Apayoniya a Kamuzu Banda, amene ankaima pa zipata za misika kufunsa khadi la cipani, anathamangitsidwa ndi asilikali a dziko lawo lomwe mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, ndipo ambiri anathawira kuno kwathu ndi mfuti zawo.

Lero ku Cabo Delgado, kumene kwakhala nkhondo kuyambira 2017, kuli Força Local, anthu a m'midzi onyamula mfuti kuthandiza boma. Mu 2023 gululi linavomerezedwa mwalamulo, kuti likhale pansi pa akuluakulu a asilikali ndi kulandira thandizo kwa iwo. Cimene ndikufuna kumva kwa anthu a ku Mueda n'cakuti, mbuzi ikatsala pa kontorolo, mwini wake amakadandaula kwa yani.