Ngamira Yobedwa ndi Chiweruzo cha Umar

Buku la Muwatta la Imam Malik likusimba kuti m'nthawi ya Khalifa Umar (Allah asangalale naye), amene analamulira kuyambira 634 mpaka 644, akapolo a Hatib anaba ngamira ya munthu wa fuko la Muzaina naipha. Umar ataona kuti Hatib ankawagoneka ndi njala, sanawadule manja. Komabe sanamutaye mwini ngamira. Atamva kuti mwiniyo ankaikaniza ngakhale pa madirham 400, analamula Hatib kulipira 800.

Abale, woberedwa anabwezeredwa, anjala anachitiridwa chifundo, ndipo chindapusa chinagwera wowamana chakudya. Tikamva kuti wolemera waberedwa tisasekerere, pakuti chuma chake nchotetezedwa. Koma tifufuzenso amene akumana antchito ake malipiro.