Kuchokera ku Nyanda Kufikira Pitikoti

Lero tikambe za zobvala za amai a ku Chisenga, patsinde pa mapiri a Mafinga, m'boma la Chitipa limene kale linali kutchedwa Fort Hill.

Makolo akale kumeneko analibe chobvala cham'kati. Anali kubvala nyanda yosula ku makungwa a mitengo, ndi mikanda m'chiuno, ndipo panalibe wowaseka. Nsalu inadza ndi amalonda a kugombe, nichuluka atayamba kulambula mseu wa Stevenson mu 1881, wochokera ku Karonga. Tsono amai anayamba kumanga chirundu pachifuwa. Ana ao anasoketsa pitikoti ndi kamisolo kwa telala. Adzukulu agula zam'kati pa kaunjika. Boma nalonso linalowererapo: lamulo la 1973 linaletsa akazi buluku ndi siketi yosafika m'maondo, kufikira linathetsedwa mu 1993.

Matupi asinthanso. Pofufuza m'Malawi monse mu 1992, anapeza kuti mkazi mmodzi mwa 10 anali wonenepa kopitirira muyeso. Mu 2015 ndi 2016 anali mmodzi mwa 5. Kale kunenepa kunali chizindikiro cha mtendere pabanja, koma madokotala achenjeza kuti kumaitana nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chotero inu amai, musanadzudzule mdzukulu chifukwa cha chobvala chake, kumbukirani kuti pitikoti yanu inali yachilendo kwa agogo anu. Koma diresi likayamba kuthina m'chiuno, pitani kuchipatala akakupimeni. Tsalani bwino.