Apongozi pa Chipata cha Mangalande

Kwathu kuno munthu akakwatira sakwatira mkazi yekha ai, amalowa m'mudzi wonse. Mkamwini amalima munda wa apongozi ndi kuwafolerera nyumba, ndipo iwo akakalamba palibe amene amafunsa ngati n'koyenera kuwasunga. Koma ku Mangalande, kumene anamwino ndi ophunzira ena a kuno anakhazikika nakwatirana ndi eni dziko, funso limeneli limayankhidwa ndi boma. Tiyeni tsono, awerengi anzanga, tione m'mene chipata cha nkhalamba chinatsekedwera pang'onopang'ono.

M'chaka cha 1948 Nyumba ya Malamulo ya ku London inapanga lamulo lopatsa unzika umodzi anthu a ku Britain ndi a m'maiko amene Angerezi ankawalamulira. Nkhondo yachiwiri inali itapasula zambiri, kotero kuti zipatala, njanji ndi mafakitale zinkasowa antchito. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho sitima ya Empire Windrush inakocheza pa doko la Tilbury itanyamula anthu mazanamazana a ku Jamaica ndi zisumbu zoyandikana nayo. Masiku amenewo nzika ya Commonwealth inkangolowa, ndipo ikafuna inkaitana mkazi, ana, ngakhale amai ake okalamba.

Ufuluwu sunakhalitse. Lamulo la mu 1962 linati wobwera kudzagwira ntchito ayambe wapeza chikalata cha boma. Mkazi wake ndi ana osakwana zaka 16 linawatchula kuti ali ndi ufulu womutsata, koma za makolo linazisiya m'manja mwa akuluakulu a pachipata. Apa m'pamene banja linayamba kudulidwa nthambi. Mu 1968, pamene Amwenye a ku Kenya okhala ndi mapasipoti a Britain anayamba kufika ambiri, lamulo lina lowatsekereza linadutsa m'masiku owerengeka chabe. Kenaka kunabwera lamulo la mu 1971, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1973, ndipo limapatsa nduna ya za m'dziko mphamvu yolemba ndi kusintha malamulo ang'onoang'ono a kalowedwe popanda kupanga lamulo lalikulu latsopano.

Malamulo a mu 1994 ankalola kholo la zaka 65 kapena kuposerapo kuti libwere, malinga ngati linkadalira ndalama za mwana wake ndipo linalibe mbale wina wapafupi woti n'kulithandiza kwao. Koma taonani mau akewo: amanena za kholo la munthu amene anakhazikika kale m'dzikomo. Mwamuna wa Chingerezi sangaitane apongozi ake m'dzina lake, pakuti pamaso pa lamuloli apongozi si mbale. Ayenera kudikira kuti mkazi wake ayambe walandira chilolezo chokhala mpaka kalekale.

Nkhwangwa yeniyeni inagwa pa 9 Julaye 2012, Theresa May ali nduna ya za m'dziko. Nthawi yoti mkazi kapena mwamuna wachilendo adikire chilolezo chija inachoka pa zaka ziwiri kufika pa zaka zisanu. Ukalamba pawokha unaleka kukhala chifukwa. Kholo liyenera kuonetsa kuti, kaamba ka ukalamba, matenda kapena kulumala, silingathe kudzisambitsa, kudziveka kapena kudziphikira, komanso kuti kwao kulibe chisamaliro chotere ngakhale mwana atatumiza ndalama. Mwanayo naye ayenera kulonjeza kuti adzalisunga osapempha thandizo la boma. Msamphatu uli pomwepa: mwana amene ali ndi ndalama zokwanira kusunga amai ake ku Manchester amauzidwa kuti ndalama zomwezo zikwanira kulemba wantchito wowasamala kumudzi. Akakhala wosauka amukana, akakhala wopeza bwino amukananso. Boma linati cholinga chake n'kuchepetsa katundu pa zipatala zake. Bungwe la BritCits linakasuma, koma mu 2017 bwalo la apilo linagamula kuti malamulowo ali bwino.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zambiri padali khomo lina lotseguka pambali. Lamulo la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya la mu 2004 linkawerengera makolo a mwamuna ndi a mkazi omwe ngati a m'banja, malinga ngati akudalira anawo. Motero munthu wa ku Poland wogwira ntchito ku Leeds ankatha kutenga apongozi ake, pamene mnansi wake wobadwira mu Leeds momwemo sankatha. Khomo limenelo kwa obwera atsopano linatsekedwa pa 31 Disembala 2020, Britain atatuluka mu mgwirizanowo.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiola. Mbiri imeneyi ikutionetsa dziko limene linafuna manja a munthu koma osati mbumba yake. Namwino amene amagona maso usiku wonse akutembenuza nkhalamba za eni ake m'chipatala, amai ake omubereka amawalankhula pa lamya. Inu amene mukulota zokwera ndege mukatsiriza maphunziro, dziwiranitu kuti pa chipata chija adzakufunsani za masetifiketi anu, koma za amene anagulitsa mbuzi kuti mulipire sukulu sadzakufunsani.