Zojambula za m'mapanga a Chongoni

Chongoni ndi dera la mapiri a matanthwe m'boma la Dedza, m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi. Limatchuka chifukwa cha zithunzi zamakedzana zojambulidwa m'mapanga ndi kunsi kwa miyala ikuluikulu. Malo okhala ndi zojambulazi omwe adalembedwa m'kaundula alipo 127, ndipo deralo ndi lalikulu masikweya kilomita 126. Pakati pa Africa palibe malo ena pomwe zojambula zotere zidachulukana chonchi. Bungwe la UNESCO lidaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, kukhala malo achiwiri a ku Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi yomwe idalowa mu 1984. Gawo lalikulu la derali lili m'nkhalango yotetezedwa ya Chongoni.

Zojambula zofiira

Zakale kwambiri ndi zofiira. Zambiri mwa izo si nyama kapena anthu ayi, koma mizere yoyandikana, timadontho ndi zozungulira zokhala ndi zina m'kati mwake, zopakidwa ndi chala. Akatswiri amati adazijambula ndi Akafula kapena kuti Abatwa, anthu aafupi msinkhu omwe ankadalira ulenje ndi zipatso zakutchire. Agogo amawakumbukira m'nthano pa dzina loti Amwandionerapati. Mu 1972, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark adakumba m'phanga la Chentcherere napeza zipangizo zamiyala ndi mafupa, umboni woti alenjewa adakhalamo zaka mazana ambiri, ngakhalenso alimi odziwa kusula chitsulo atafika kale m'derali. Tanthauzo la zojambula zawo lidapita nawo. Ofufuza amangoyerekeza kuti zinkakhudza mvula ndi kubereka.

Zojambula zoyera

Nkhani imakoma ikafika pa zoyera, chifukwa eni ake adakalipo. Adajambula ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, nthawi zambiri pamwamba pa zofiira zija, ndipo mwambowu udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Ndi malo ochepa mu Africa komwe alimi, osati alenje okha, adasiya zojambula zambiri chonchi pamiyala.

Zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba umaoneka ngati chikopa cha nyama choyanikidwa: thupi pakati, miyendo inayi yotambasuka, mchira pansi, ndipo pena thupi lonse lili ndi mathothomathotho akuda. Wina amaona buluzi, wina ng'ona kapena nanzikambe. Izi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Kafukufuku wa Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta adasonyeza kuti zimafanana ndi zinyama zimene anamkungwi amaumba ndi dothi pophunzitsa anamwali mwambo. Choncho phanga lidali kutsimba, ndipo mwala udali pomwe namwali ankaonera zomwe akumva m'nyimbo ndi m'malangizo. Amayi ndiwo adajambula, zomwe alendo ambiri sayembekezera.

Mtundu wachiwiri ndi wa amuna, wa Nyau. Apa pali vilombo va Gule Wamkulu, makamaka kasiyamaliro, chooneka ngati mphoyo ya msana wokhota. Zojambulazi si zakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zidathamangitsira Achewa kumapiri. Pambuyo pake amishoni ndi boma la atsamunda adalimbana ndi gule. Dambwe litasowa mtendere, mapanga adasanduka pobisalira ndi pophunzitsira anyamata. N'chifukwa chake ku Namzeze, pakati pa vilombo, pali chithunzi cha galimoto: gule amatola chilichonse chachilendo chomwe chafika m'mudzi n'kuchivina. Gule Wamkulu yemweyo adalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, kutatsala chaka chimodzi kuti mapanga ake alandire wawo.

Kukaona

Tauni ya Dedza ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe. Malo atatu ndiwo otsegulidwa kwa alendo: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndi posavuta kufika, pafupi ndi sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo boma lidaika malowa m'gulu la zipilala zotetezedwa mu 1969. Ku Namzeze munthu amakwera phiri wapansi, thukuta lili kamukamu, koma akafika amapeza khoma lonse la phanga litayera ndi vilombo. Mphunzi ili chakumadzulo kwa M1, pafupi ndi mishoni ya dzina lomwelo, ndipo mapanga ake ali m'mbali mwa phiri limodzi. Misewu yake ndi yafumbi, yovuta m'dzinja. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, koma m'mwezi wa Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira zoopsa, kotero chovala champhepo chisatsale.

Ndi bwino kuyenda ndi wolondolera wa komweko. Mlendo asadabwe wolondolerayo akafotokoza zina n'kudumpha zina. Si umbuli ayi: za kudambwe ndi za kutsimba sazinena kwa munthu wosavinidwa, ndipo mapanga ena anthu amawalemekezabe pa miyambo yawo.

Chomwe chikuwononga zojambulazi ndi anthu kuposa mvula. Ku Chentcherere, komwe kumafika alendo ambiri, ena adalemba maina awo ndi makala ndi choko pamwamba penipeni pa zithunzi. Moto wolusa ndi utsi zimadetsa miyala, ndipo kudula mitengo yachilengedwe kumachotsa mthunzi womwe unkatchinga dzuwa ndi mphepo. Kukhudza ndi dzanja kapena kuwaza madzi kuti chithunzi chioneke bwino pa kamera n'koletsedwa, poti dothi loyera limasuluka msanga. Malowa amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi mafumu a m'derali.